Mafunso ndi Mayankho kwa Oyamba Kulima Ndiwo Zamasamba mu Harare

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa abale athu olankhula Chichewa a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Rugare, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Epworth, makamaka achinyamata amene anabadwira m'tauni muno ndipo sanagwirepo khasu padimba monga ankachitira agogo awo ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi. Ambiri amafunsa mwamanyazi ngati kuti kusadziwa kufesa repu ndi mlandu, pamene akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Sindinalimepo chibadwire. Kodi ndiyambire pati?

Yambani ndi kuwerengera madzi, osati kukula kwa malo. Mu Harare mipopi imatha kukhala youma masiku angapo otsatizana, ndipo m'madera ambiri mabanja amadalira mijigo ndi zitsime, kotero dimba lokuyenerani ndi lomwe mungathe kulithirira ngakhale sabata imene madzi avuta kwambiri. Chimene chimagwetsa mphwayi oyamba kumene ambiri ndi kugaula bwalo lonse Loweruka limodzi chifukwa cha changu choyambira, kenako n'kupeza kuti ndowa zofunika tsiku lililonse zaposa mphamvu zawo, mbewu n'kufota zonse pamodzi.

Bedi limodzi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 3 m'litali ndi lokwanira poyambira. M'lifupi musapitirire pamenepo, chifukwa muyenera kufikira pakati ndi dzanja muli chiimire m'kanjira, osaponda nthaka imene mwaifewetsa kale. Sankhani malo amene dzuwa limawomba maola osachepera 6 pa tsiku, kutali ndi mitengo ya mango, mapeyala kapena bulugamu imene mizu yake imalanda chinyezi, ndipo ngati n'kotheka pakhale pamene mumadutsa m'mawa uliwonse, popeza dimba lobisika kuseri kwa nyumba limaiwalika msanga. Zipangizo zake ndi khasu, ndowa, ndi chitini chachikulu chobowoledwa pansi ndi msomali kuti chigwire ntchito ya keni yothirira. Ngati pamalopo pali nkhuku zoyendayenda, mpanda wa udzu, masaka kapena waya umangidwe mbande zisanafike.

Ndi ndiwo ziti zimene sizivuta kwa munthu woyamba?

Ndiwo zamasamba zothyola mobwerezabwereza ndi zimene tikulimbikitsa: kovo, repu, mpiru ndi chomoliya. Mwa izi kovo ndiye wopirira kwambiri. Mtundu wa kovo wotchedwa Rugare, umene umapezeka m'makomo ambiri muno, sulira kugula njere. Mumangopempha mphukira kwa mnansi, n'kuizika m'dothi lonyowa, ndipo ikagwira imakudyetsani miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka, bola muzithyola masamba a m'munsi n'kusiya a kunsonga. Repu amakula msanga, ndipo masabata 4 mpaka 6 chiwokerereni mumayamba kuthyola.

Musaiwale ndiwo zathu za makolo, zimene sizifuna chisamaliro chambiri ndiponso sizigwidwagwidwa ndi matenda m'nyengo ya mvula: bonongwe, luni, nkhwani, chitambe, therere ndi kholowa. Pamsika mbewu zake zimadziwika ndi mayina a Chishona, kotero mukafuna mpiru funsani tsunga, luni ndi nyevhe, bonongwe ndi mowa, ndipo nkhwani ndi muboora. Bonongwe amathyoledwa pasanathe mwezi chifesereni, ndipo kwa munthu amene akufuna kuona phindu la thukuta lake msanga palibe mbewu ina yomuposa.

Kabichi ndi tomato zidikire chaka chachiwiri kapena bedi lachiwiri. Kabichi amakhala m'munda miyezi pafupifupi itatu n'kukupatsani mutu umodzi wokha, pomwe mbozi zimamukonda koposa.

Kodi nyengo yabwino yoyambira ndi iti?

Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pa chaka, yambiri mwa iyo pakati pa Novembala ndi Malichi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira ndipo kumakhala kouma, kenako Seputembala ndi Okutobala kumatentha kwambiri mvula isanagwe.

Kwa woyamba, miyezi ya Malichi ndi Epulo ndiyo yabwino koposa. Nthaka imakhala idakali ndi chinyezi cha mvula, dzuwa limakhala litayamba kuchepa mphamvu, ndipo repu, mpiru, kovo, kabichi, karoti, nsawawa ndi anyezi zonse zimakonda nyengo yozizira imene ikubwerayo. Anyezi makamaka afesedwe pakati pa Febuluwale ndi Epulo, chifukwa amatenga miyezi 5 mpaka 7 kuti akhwime ndipo ayenera kukololedwa n'kuumitsidwa mvula isanayambe. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimatha kuwaula tomato, nyemba, maungu ndi tsabola usiku umodzi wokha, makamaka m'malo otsika a kufupi ndi madambo, choncho mbewu zimenezi zidikire kumapeto kwa Ogasiti. Mvula ikayamba, bedi lipatsidwe kwa bonongwe, luni, nkhwani ndi chitambe. Kuyamba dimba mu Okutobala n'kotheka, koma ndi mwezi umene madzi amasowa kwambiri pamene mbewu zikuwafuna kwambiri, ndipo sitingamulangize munthu woyamba kuti ayesere pamenepo.

Dothi la pakhomo panga ndi lamchenga lokhalokha. Kodi pangamere kanthu?

Pangamere ndithu. Mbali zambiri za kummwera kwa mzinda, monga Epworth, Hatfield ndi Chitungwiza, zili ndi dothi lamchenga lochokera ku miyala ya nsangalabwi ndi matanthwe, pamene kumpoto kuli katondo wofiira, ndipo m'madambo muli makande akuda amene amamata nthawi ya mvula n'kung'ambika nthawi ya chilimwe. Kuti mudziwe lanu, nyowetsani dothi lodzaza dzanja n'kulifinya. Likangoyoyoka mukatambasula dzanja, ndi mchenga, ndipo vuto lake ndi lakuti madzi ndi chakudya cha mbewu zimalowerera pansi msanga. Likaumbika n'kumata zala, ndi katondo kapena makande, ndipo vuto lake ndi kuuma gwa n'kutsekereza mizu. Mankhwala a mavuto onse awiriwa ndi amodzi, ndiwo manyowa owola bwino.

Gaulani bedi mozama masentimita 30, chotsani miyala, magalasi ndi mapulasitiki amene amakwiririka m'makomo a m'tauni, ndipo sakanizani ndowa ziwiri kapena zitatu za manyowa ndi dothi la pamwamba. Pa mchenga bedi likhale lolowa pansi pang'ono kuti lisunge madzi, koma pa makande, kapenanso nthawi ya mvula, likwezeni kuti mizu isamire. Phulusa la nkhuni lowazidwa pang'ono limathandiza nthaka yowawasa, koma lisakhale la moto umene munatenthamo zinyalala ndi mapulasitiki.

Ndilibe ng'ombe. Manyowa ndiwapeza kuti, nanga feteleza ndi wofunika?

Manyowa ambiri amene mukufuna akutayidwa kale pakhomo panu. Makoko a mbatata, a nthochi ndi a mazira, masamba osesa pabwalo, udzu wosadzabereka njere, mapesi a chimanga odulidwadulidwa, zonsezi ziunjikidwe pamthunzi kapena m'dzenje losazama, zouma ndi zaziwisi mosinthanasinthana, n'kuwazapo dothi pang'ono ndi madzi kuti muluwo ukhale wachinyezi koma wosadontha. Muziutembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu aliwonse. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu kompositi amakhala wakuda, wofumbutuka, wonunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Nyama, mafupa, mafuta, chimbudzi cha agalu ndi cha amphaka musaikemo, chifukwa zimaitana makoswe ndi matenda.

M'madera athu ambiri muli oweta nkhuku ndi akalulu, ndipo zitosi zake ndi manyowa amphamvu kwambiri. Koma zitosi zaziwisi zimawotcha mizu, ndipo zimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, choncho ziyambe zawola pamulu wa kompositi musanazithire pabedi.

Feteleza amathandiza koma salowa m'malo mwa manyowa, makamaka pa mchenga pamene amangotsukika ndi madzi. Ngati mwagula, Compound D ndi wokulitsa mizu ndipo amasakanizidwa ndi dothi musanawokere, pomwe Ammonium Nitrate, amene ali ndi nayitulojeni wokwana 34.5 peresenti, ndi wobiriwitsa masamba. Uyu athiridwe masabata awiri kapena atatu chiwokerereni, kachivindikiro ka botolo kamodzi pa phando, motalikira masentimita 10 kuchokera pa tsinde, n'kuthirira madzi nthawi yomweyo. Kuchulukitsa sikufulumizitsa kanthu. Kumangofewetsa masamba n'kuitana nsabwe.

Kodi ndigule njere kapena mbande?

Pa bedi loyamba gulani mbande. Nazale imafuna kuthirira mosamala tsiku lililonse kwa masabata 4 mpaka 6, ndipo ndi pamene oyamba ambiri amataya mbewu chifukwa chofesa mozama, mothinana, kapena kuthira madzi ambiri mpaka timbande tiwolere m'tsinde. Mbande zimagulitsidwa ku Mbare Musika, m'manazale a m'mbali mwa misewu ndi m'masitolo a zaulimi. Sankhani zazifupi, zatsinde lonenepa, za masamba 4 kapena 5, ndipo tembenuzani tsamba muone kunsi kwake musanalipire, kuti musagule nsabwe pamodzi ndi mbewu.

Wokerani madzulo dzuwa litapepa, bedi litathiriridwa kale. Tsinderani dothi pang'ono ndi zala kuzungulira mizu, thiraninso madzi, ndipo kwa masiku atatu oyamba ikani mthunzi wa kanthambi kapena kakatoni. Mbande zikagona tsiku lotsatira musade nkhawa, chifukwa zambiri zimadzuka zokha. Repu ndi mpiru zitalikirane masentimita 30, kovo 45 mpaka 50, anyezi 10. Karoti, nyemba, nsawawa, therere, maungu ndi bonongwe sizifuna kuwokera. Zimafesedwa pomwe zidzakulire, n'kupatulira zikamera, ndipo kupatulira ngakhale kumapweteka mtima kuyenera kuchitika, apo ayi karoti amatuluka woonda ngati ulusi.

Mukayamba kugula njere, mitundu yakale yodziwika monga repu wa English Giant, karoti wa Nantes, anyezi wa Texas Grano ndi tomato wa Rodade kapena Roma ndi yotsika mtengo ndiponso yodalirika. Onani tsiku lothera mphamvu papaketi. Njere za mbewu zolembedwa F1 musasunge kuti mudzabzale chaka chamawa, chifukwa ana ake safanana ndi kholo.

Madzi ndi ovuta kwathu. Ndizithirira angati, ndipo kodi ochapira angagwire ntchito?

Funso limeneli ndilo mutu wa ulimi wonse wa m'tauni muno. M'miyezi yotentha bedi la mamita 3 limafuna pafupifupi ndowa imodzi ya malita 20 pa tsiku, koma m'miyezi yozizira ndowa yomweyo imatha kukwanira masiku awiri kapena atatu. Njira yodziwira ndi kupisa chala m'dothi mpaka chilowe theka. Ngati pansi pali chinyezi, dikirani. Kuthirira mokwanira mwa apo ndi apo kumaposa kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, chifukwa madzi ongonyowetsa pamwamba amachititsa mizu kuyandama, ndipo mbewu yotero imafota tsiku loyamba limene mpopi wauma. Thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, pansi pa mbewu osati pamasamba.

Chinthu chimodzi chimene chimapulumutsa madzi koposa zonse ndi kuphimbira. Yalani udzu wouma, masamba kapena mapesi mochindikala ngati kutalika kwa chala pabedi ponse, kusiya kampata kuzungulira tsinde. Pitani masana a mu Okutobala mukapise dzanja pansi pa udzuwo: dothi mudzalipeza lozizira ndi lonyowa pamene la m'kanjira likuwotcha phazi. Mfundo yomweyi ndi imene ili m'ulimi wa Pfumvudza umene alangizi a zaulimi a boma amaphunzitsa m'minda ya chimanga. Botolo la pulasitiki la malita 2 lobowoledwa timabowo pansi, n'kukwiriridwa pambali pa mbewu, limaperekanso madzi molunjika ku mizu.

Madzi otsukuluzira mbale, osambira ndi otsukuluzira zovala angagwire ntchito ngati muwathira padothi tsiku lomwelo, osawasunga, ndiponso mukumawasinthanitsa ndi madzi abwino kuti sopo asachuluke m'nthaka. Madzi a bulichi, amafuta kapena ochapira matewera asafike padimba. Ndipo madzi a suweji yophulika, kapena a m'ngalande ndi mitsinje imene suweji ndi zonyansa za m'mafakitale zimatsikiramo, musathirire ndiwo ngakhale masamba ake ataoneka obiriwira chotani. Mliri wa kolera wa 2008 mpaka 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo wa 2018 unayambira ku Glen View ndi Budiriro. Palibe mtolo wa repu umene ungafanane mtengo ndi moyo wa mwana.

Ndimachita lendi chipinda chimodzi ndipo ndilibe malo. Kodi ndingalime?

Mungalime, koma yambani mwapempha eni nyumba. Thumba la makilogalamu 50 lodzazidwa ndi dothi losakaniza ndi manyowa, lokhala ndi mzere wa timiyala pakati kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti madzi azitsika bwino, limatha kunyamula mbande pamwamba ndi zina m'mabowo ong'ambidwa m'mbali. Zidebe zakale, mabeseni othyoka ndi zigubu zodulidwa zimachitanso bwino, bola zibowoledwe pansi ndipo zisakhale zimene munali mankhwala kapena oyilo. Dothi la m'zotengera limauma msanga kuposa la pabedi, choncho liziyang'anidwa tsiku lililonse. Ubwino wake ndi wakuti tsiku losamuka dimba limakwera nawo galimoto.

Anzanga amalima kudambo. Bwanji nanenso osapita komweko?

Tikumvetsa chifukwa chake anthu amatero, pakuti kumeneko kuli chinyezi ndipo njala siidikira. Komabe malamulo a dziko lino amaletsa kulima pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndiponso kulima m'dambo popanda chilolezo, ndipo bungwe loona za chilengedwe la Environmental Management Agency ndi khonsolo ali ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa. Madambo ndi amene amasunga ndi kusefa madzi olowa m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, imene imakathera m'nyanja ya Chivero momwe mzinda umamwa, ndipo ndi omwewo amadyetsa zitsime zathu. Dambo la Monavale, damu la Cleveland ndi nyanja ya Chivero zinalembedwa mu 2013 pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Woyamba kumene alibe chifukwa chokayambira kutali, kumene akuba amakolola usiku ndipo madzi ake ndi okayikitsa.

Tizilombo tayamba kudya masamba. Ndipope mankhwala anji?

Musathamangire mankhwala musanaone mdani wake. Pa bedi limodzi, maso ndi zala zimagwira ntchito yaikulu kuposa botolo lililonse, ngati muyendera mbewu m'mawa uliwonse n'kumatembenuza masamba. Nsabwe zotuwa zimaunjikana kunsi kwa masamba ndi kunsonga za repu ndi kovo, makamaka kukayamba kutentha. Zifinyeni, kapena zitsukeni ndi madzi osungunuliramo sopo wamtanda pang'ono, mubwereze pakatha masiku angapo. Madzi oviikamo tsabola wowawa ndi adyo wosinja usiku wonse, osefedwa n'kuthiramo sopo, amathandizanso. Timbozi tobiriwira toboola masamba titoleni ndi manja. Mukapeza mbande yadulidwa m'tsinde m'mawa, fukulani dothi pafupi ndi pomwe yagwerapo, ndipo mudzaipeza mbozi yotuwa itadzipinda. Iphedwe isanadule ina usiku wotsatira. Madzi a fodya sitikuwalimbikitsa, chifukwa ndi poizoni kwa munthu ndipo amatha kupatsira tomato matenda.

Mbewu ikamafota ngakhale ili ndi madzi, izuleni muone mizu. Mizu yotupatupa ngati mikanda imasonyeza tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timachuluka m'dothi lamchenga, ndipo njira yake ndi manyowa ambiri ndi kasinthasintha wa mbewu. Repu, kovo, mpiru, chomoliya ndi kabichi ndi banja limodzi. Tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi banja lina. Banja limodzi lisabwerere pabedi lomwelo motsatizana, koma pakati pake palowe anyezi, nyemba kapena chimanga.

Ngati mankhwala a m'sitolo afunikadi, gulani okhala ndi chizindikiro ndi malangizo ake, osati otsanuliridwa m'timabotolo topanda dzina, ndipo werengani masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo. Mankhwala a thonje ndi a fodya asapopedwe pa ndiwo, ndipo onse asungidwe pamene ana sangafike.

Nanga tomato, n'chifukwa chiyani amavuta chonchi?

Tomato ali ndi adani nyengo iliyonse. M'nyengo yozizira chisanu chimamuwaula, mu Seputembala ndi Okutobala akangaude ofiira ang'onoang'ono amayamwa masamba mpaka aume, nthawi ya mvula chiwawu chimadetsa masamba ndi zipatso, ndipo kuyambira cha m'ma 2016 kwabwera kambozi ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kamalowa m'kati mwa tsamba ndi chipatso. Ngati mtima wanu uli pa tomato, bzalani mitengo 4 kapena 5 yokha, yotalikirana masentimita 50 mpaka 60, muizikire timitengo n'kuimangirira, muchotse masamba okhudza pansi ndi aliwonse odwala, ndipo musanyowetse masamba pothirira. Chipatso chikada kunsi kwake, kawirikawiri si matenda koma kuthirira kodumphadumpha, lero madzi ambiri mawa n'kukhala opanda.

Zonse zimene ndinabzala zinafa. Kodi n'zoona kuti ena dzanja lawo silibereketsa mbewu?

Ayi, si zoona, ndipo tikupempha kuti mawu amenewa musawalole kukhazikika mumtima mwanu. Amayi aja a pafupi nanu amene kovo wawo amabiriwira chaka chonse sanabadwe ndi dzanja lapadera. Anaphunzira pa mabedi amene anawafera zaka zapitazo, ndipo lero amadziwa kuona tsamba n'kuzindikira ngati likulira madzi, chakudya kapena dzuwa. Mbewu ikafa pamakhala chifukwa chimene chingapezeke. Masamba a m'munsi achikasu amasonyeza njala kapena madzi ochuluka. Mbewu yaitali yoonda yopendekera mbali imodzi ikusowa dzuwa. Masamba opserera m'mbali atangothiridwa feteleza awotchedwa. Mpiru wothamangira maluwa ndi kuwawa wakumana ndi kutentha ndi ludzu. Zulani imodzi, muone mizu, mupite nayo kwa mlimi wa pafupi n'kunena kuti, "Amayi, tandionereniko, chalakwika n'chiyani apa?" Olima ndiwo ambiri amakondwa kufunsidwa, ndipo kawirikawiri mumabwerako ndi yankho pamodzi ndi mphukira za kovo m'manja. Kenako bzalaninso mutakonza chinthu chimodzi chimene mwapezacho, ndipo lembani m'kope tsiku lofesa, lowokera ndi lothyola koyamba, kuti chaka chamawa musadzadalire kukumbukira kokha.

Ndiwo zikachuluka kuposa zimene tingadye, ndichite nazo chiyani?

Gawirani anansi, makamaka amene anakupatsani mbewu, ndipo zotsala mungamange timitolo n'kugulitsa pageti, ngakhale kuti bedi limodzi cholinga chake ndi kuchepetsa ndalama zogulira ndiwo, osati kubweretsa malipiro. Njira ina ndi mfutso, umene umapulumutsa banja m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene ndiwo zimadula. Nkhwani, chitambe, luni, mpiru ndi repu zonse zimafutsika. Tsukani masamba, muwadule, muwaviike m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, muwatsanule, ndipo muwayanike mopyapyala pa lichero kapena mphasa yoyera pamalo okwera, podutsa mphepo, pamene fumbi, nkhuku ndi ntchentche sizifika. Mthunzi wopepuka umasunga mtundu ndi chakudya cha m'masamba kuposa dzuwa la phwee. Akauma mpaka kufumbutuka pofinya, asungidwe m'chitini kapena m'botolo louma lotsekeka bwino, ndipo muzitsegula mwa apo ndi apo kuona ngati simunalowe chinyezi kapena nkhungu.